Masitepe a M'khutu

Mu labu monse munalibe wina wodziwa kutsegula khutu la kamwana ka mbewa ngati a Nasingano. Dzinali silinali la kwawo. Anawapatsa ndi anzawo a pantchito ataona timbaniro tawo tiwiri tosongoka kuposa singano, ndi momwe manja awo ankakhalira phee, osanjenjemera ngakhale chitseko chimenyedwe ndi mphepo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala pa mpando womwewo, maso ali pa maikulosikopu, atafulatira chipinda chonse. Ophunzira ankabwera, kutenga madigiri awo n'kupita kukatchuka kwina. Iwo ankatsala ndi timbale tawo tagalasi.

Ntchito yake inali yotere. Mkati mwenimweni mwa khutu, kupyola pomwe chala kapena kathonje kangafike, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Mu labu ankangokatchula kuti kankhono. M'kankhonomo mwandanda maselo okhala ndi titsitsi pamwamba, ndipo titsitsi ta selo lililonse timaima m'mizere itatu, waufupi, wapakati ndi wautali, ngati masitepe a pakhomo. Mawu akalowa m'khutu amaweramitsa masitepewo pang'ono chabe, ndipo kuwerama kumeneko ndi kumene munthu amati ndamva. Koma titsitsito si tsitsi ayi. Kalikonse ndi mtolo wa timaulusi mazanamazana totchedwa akitini, tomangidwa pamodzi molimba ngati tsache latsopano. Selo likamakula, titsitsi tonse timayamba tili tofanana, tatifupi ngati ndevu zometa dzulo. Kenaka akitini amayamba kuwonjezekera kunsonga, mzere uwu kwambiri, uwo pang'ono, mpaka masitepe ataima. A Pulofesa, eni ake a labu, anali ndi funso limodzi zaka zonsezi: n'chiyani chimauza ulusi wina kuti pitiriza, wina kuti ima pomwepo?

A Nasingano funso limenelo sankalitenga ngati lawo. Chawo chinali kutulutsa kankhono kathunthu, kosang'ambika, m'mutu wa kanyama kochepa ngati chala, kukanyika m'mankhwala mbale ndi mbale, n'kukathira utoto womata pa akitini yekha, kuti pa makina masitepewo awale mobiriwira. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero kwa aliyense wofuna kuphunzira. Ambiri ankagwa ulesi sabata isanathe.

Zaka ziwiri zapitazi anthu a mu labu anayamba kunena kuti mayiwa akudzimva. Ukawapatsa moni ali choyang'ana kumbali, sakuyankha. Ku kantini anasiya kupita. Ankadya buledi wawo ndi tiyi wa m'fulasiki pa benchi ya m'khonde, moyang'anizana ndi khoma la malo oimika magalimoto. Amene ankadandaula kwambiri anali Wailesi, mayi wa ana atatu amene ankagwira ntchito pa tebulo la kumbuyo kwawo, ndipo dzina lakelo silifuna kumasulira. Iyeyu akatsegula pakamwa mmawa ankatseka pokwera basi yobwerera.

"Asisi, ine ndakhala ndikukuyankhulani chiyambire pa geti," ankatero atawagwira mkono. "Kapena ndinakulakwirani? Nenani, ndipepese, ndisamangoyankhula ndi msana."

"Maganizo, mng'ono wanga," ankayankha a Nasingano akumwetulira. "Ukalamba uwu."

Sanali maganizo. Choyamba kusowa chinali likhweru la ketulo. Tsiku lina anaipeza ketuloyo itauma madzi, pansi pake patada bii, iwo ali chikhalire m'chipinda chomwecho akusita malaya. Kenaka mbalame za pa waya wa magetsi zinasanduka zongoyasamula milomo. Kenaka mawu a anthu anayamba kuthothoka nsonga, kutsala phokoso lokhalokha ngati anthu oyankhulira kuseri kwa khoma. Pagulu ndiye kunali kuvutika: ankadikira ena aseke kuti nawonso aseke, ndipo nthawi zina ankaseka pomwe pamafunika kupepesa.

Chowawa n'chakuti ankadziwa bwino lomwe chimene chikuchitika, mpaka malo ake enieni. Maselo a pakhomo pa kankhono, amene amamva mawu oonda, ndiwo amayamba kufa. Anali atawaonapo kambirimbiri pa makina, m'makutu a mbewa zokalamba: masitepe ogwa, ena ataphatikana, ena kusiya mpata ngati dzino lozuka. Ndipo ankadziwa kuti sabwerera. Nkhuku, nkhuku yomweyi yopanda nzeru imene imathawa chithunzithunzi chake, ikawonongeka maselo amenewa imamera ena. Munthu ayi. Amamanga masitepe ake kamodzi kokha ali m'mimba mwa mayi ake, ndipo omwewo ndi amene amapita nawo kumanda.

Sanauze munthu. Labu imayenda ndi tiwotchi tolira: mphindi makumi awiri m'mankhwala awa, khumi m'enawo, kawotchi kalira, chotsa. Munthu wosamva kawotchi ndi wantchito yanji? Ankakumbukira bambo wina amene anali katswiri wodula minofu, maso atayamba kuchita chifunga anamusamutsira ku chipinda cha pansi kukatsuka mabotolo, ndipo anamusamutsa mwaulemu ndithu, ndi keke yomwe. Kunyumba a Nasingano kunalibe wowadikira. Amuna awo anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa mumzinda wakutali. Mpando wa pa maikulosikopu ndiwo unali malo okhawo amene wina akanazindikira ngati iwo sanabwere. Ndiye anapeza nzeru: kawotchi kawo ankakaika pafupi ndi dzanja lamanzere, pomwe diso likhoza kumakaba, ndipo ankachotsa kankhono m'mankhwala kasanalire n'komwe. Anthu ankati taonani luso, mayiwa nthawi ili m'magazi.

Tsono panali mbewa zimene a Pulofesa anazidikira miyezi khumi ndi inayi. Zinali zobadwa zopanda puloteni ina imene iwo ankaiganizira kuti ndiyo imamanga timaulusi ta akitini pamodzi. Mbewazo zinali zovuta kuswana; ina inadya ana ake, ina sinatenge bere n'komwe. Pomalizira pake imodzi inaswa ana asanu ndi awiri, ndipo atatu okha ndiwo anali opanda puloteniyo. Ankafunika kutsegulidwa pa tsiku lachinayi chibadwire, masitepe ali mkati momangidwa, chigoba chikadali chofewa. Tsiku lachinayilo linagwa Lachinayi, ndipo a Pulofesa anabwera okha kudzaima pafupi ndi tebulo.

"Mayi, awa ndi atatu okha," anatero akuwayang'ana kumaso, zimene zinawathandiza a Nasingano kuwerenga milomo. "Sindikupatsa wina aliyense."

"Musade nkhawa, bwana."

A Nasingano anali ndi kachitidwe kawo kamene aliyense ankakadziwa: ankayamba ndi ana abwinobwino, kutenthetsa manja, ndipo ofunikawo ankawasiyira masana zala zitamasuka. Anayi abwinowo anawamaliza nthawi ya tiyi isanakwane, n'kuwadutsitsa m'mbale zonse. Masana, anthu onse atatsikira ku kantini, anatsegula atatu aja. Tinkhono tisanu ndi kamodzi tinatuluka tathunthu, tosalala, kopanda kokanda ngakhale kamodzi. Anatiumitsa m'mankhwala oyamba, n'kutitsuka, n'kutiika m'mbale ya sopo. Sopo ameneyu amaboola khungu la selo kuti utoto ulowe, ndipo lamulo lake ndi mphindi khumi. Zikapitirira kwambiri amayamba kudya zomwe sanatumidwe. Anatchera kawotchi, n'kukaika pafupi ndi dzanja lamanzere.

Foni inanjenjemera m'thumba la gauni. Chinali chithunzi chochokera kwa mwana wawo, chakuda ndi choyera, chojambulidwa ku sikelo, cha khanda la m'mimba mwake: kamutu, kamsana kopindika, kadzanja pafupi ndi nkhope. Asanachione bwino foni inanjenjemeranso, mwanayo akuimba. Anapita pa windo, foni ku khutu lamanja lomwe linali labwinoko, chala chitatseka linalo.

"Amayi, mwachiona?"

"Ndachiona, mwana wanga. Ndachiona."

Mwanayo anayankhula zambiri, mofulumira, mawu ake oonda aja a chibadwire. A Nasingano anatolapo "adokotala", anatolapo "mwezi", zina zonse zinangodutsa. Anachita zomwe ankachita nthawi zonse.

"Eya. Eya. Zili bwino zimenezo."

Kenaka mwanayo anayankhula pang'onopang'ono, mokweza, monga amachitira munthu amene wapsa mtima, ndipo apa mawu onse anamveka.

"Amayi, ndakuuzani kuti adokotala akuti BP yanga yakwera, ndikuopa, ndipo ndakufunsani ngati mungabwere mwezi wamawa. Inu mukuti zili bwino? Chaka chonse chino ndikamayankhula mumangoti eya, eya. Ngati mbewa zanuzo zili zofunika kuposa ine, ingonenani."

Foni inaduka. Anaimba, osayankhidwa. Anaimbanso. Analemba uthenga, kuufufuta, kulembanso wina, kuufufutanso. Anatsegula chithunzi chija n'kuchikulitsa ndi zala mpaka pambali pa kamutu, pomwe pali khutu. Mmenemo, anaganiza, akitini ali pa ntchito pompano, mzere uwu kutalika, uwo kuima. Mwana ameneyu adzabadwa ndi masitepe ake onse, ndipo akadzalira, agogo ake adzangoona pakamwa. Misozi inatsika, ndipo anaisiya itsike poti m'chipindamo munalibe munthu.

Atatembenuka anaona kanyali kofiira ka pa kawotchi kakuphethira. Kawotchi kameneka nthawi ikakwana kamalira, n'kuyamba kuwerenga mphindi zopitirira. Panali 38. Kanali kakulira nthawi yonseyo, mapazi asanu okha kuchokera pa msana wawo.

Manja anagwira ntchito okha. Anazimitsa kawotchi, anachotsa tinkhono, anatitsuka katatu, anathira utoto. Pamene Wailesi ankalowa akupukuta pakamwa ndi kufotokoza za wophika wa ku kantini amene wasiya mkazi, zonse zinali m'malo mwake.

Lachisanu mmawa a Pulofesa anakhala okha pa makina aakulu, a Nasingano ataima kumbuyo kwawo. Anayamba ndi ana abwino. Masitepe anawala mobiriwira, mizere itatu itatu, selo ndi selo, ngati ana a sukulu pa chithunzi. Kenaka anaika a masana aja. Pa sikirini panaoneka chipwirikiti. Titsitsi tinali titagwa uku ndi uko ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe, mitolo itamasuka, masitepe osadziwika poyambira.

A Pulofesa anasendera pafupi ndi sikirini. Kenaka anamenya tebulo ndi chikhatho, n'kudzuka, bambo wamkulu wa imvi zake, n'kuyamba kuzungulira m'kachipinda kamdimako ngati mwana.

"Ndinanena ine! Popanda puloteniyi mtolo sugwirana! Itanani onse! Mayi, taonani zimene mwachita!"

Wina mwa ophunzira anafunsa, mwamanyazi, ngati sikungakhale kuwonongeka kwa pokonza. A Pulofesa anamuyang'ana ngati watukwana.

"Tsiku limodzi, mankhwala amodzi, manja amodzi. Abwino aima, awa agwa. Manja a mayi awa sananamepo chiyambire iwe uli ku pulayimale."

Masana kunabwera keke ndi zakumwa. A Pulofesa analengeza kuti dzina la a Nasingano lidzakhala lachiwiri pa pepala, kutsatira lawo, chinthu chimene sichinachitikepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anthu anaomba m'manja. Wailesi anawakumbatira n'kuwanong'oneza china chake m'khutu, chimene mwina chinali chokoma. Iwo anaima pakati pa gululo ndi mbale ya pepala m'manja, milomo ikuyenda mbali zonse, ndipo sanakhalepo okha chotero chimwalirire amuna awo.

Onse atabalalika a Nasingano anabwerera pa makina n'kuyang'ananso. Pakati pa maselo panali timing'alu tating'ono, ndipo m'mphepete munali mofumbutuka. Chimenecho chinali chizindikiro cha sopo, ndipo mu nyumba yonseyo amene akanachizindikira anali iwo okha, chifukwa ndi iwo okha amene anawononga tinkhono tokwanira pophunzira. Mwina puloteniyo inalidi ndi mbali yake. Mwina a Pulofesa ankanena zoona. Koma kuchokera pa zithunzi izi panalibe amene akanadziwa, ndipo ana atatu aja anali atatha.

Loweruka anachapa makatani amene sanali akuda. Lamulungu anapita kumanda kukazula udzu pa mtumbira wa amuna awo, n'kukhala pa mwala wa pafupi mpaka dzuwa litawawotcha pakhosi. Bamboyo anali kalipentala, ndipo ankati thabwa lopindika ukalibisa pansi pa denga, limadzakuitana ndi dzina mvula ikagwa. Iwo ankamuseka kuti amalalikira ngakhale misomali. Pobwerera pa basi anadziuza kuti kukhala chete si kunama. Anadziuza kuti ena adzabwereza ntchitoyi kwina, ndipo ngati ili yolakwika adzaikonza. Koma ankawadziwa anthu obwereza aja. Ndi wina wokhala ngati iwo, pa mpando wina, amene adzataya zaka ziwiri akudziimba mlandu kuti manja ake ndi oipa. Ndipo kumapeto kwa mzere wonsewo kuli mayi wina wonyamula mwana wosamva, amene anauzidwa kuti ophunzira akufufuza. Anaganizanso za chipinda cha pansi chija, masinki ake aatali ndi kawindo kake koyang'ana matayala a magalimoto, ndipo mtima unawawa zenizeni. Mpando wawo ankaufuna. Ankafunanso dzina lawo pa pepala, bwanji kunama.

Lolemba mmawa anapeza a Pulofesa mu ofesi ali ndi Wailesi, akusankha zithunzi zotumiza kwa anzawo a kunja. Anagogoda pa chitseko chotsegula kale. M'dzanja anali ndi kawotchi.

"Bwana, zithunzizo musatumize."

"Bwanji, mayi? Mwapeza zabwino kuposa izi?"

"Atatu aja anakhalitsa mu sopo. Mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, m'malo mwa khumi. Abwino aja ndinawachita mmawa, anakhala khumi. Kugwa mukukuonako mwina ndi sopo."

A Pulofesa anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono. Nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa. Ananena china chake chapansipansi, ndipo a Nasingano anachiwerenga pa milomo: miyezi khumi ndi inayi.

"Munatuluka?" anafunsa mokweza.

"Ndinali momwemo."

"Kawotchi kanafa?"

"Kali bwinobwino."

"Nanga simunakatchere?"

"Ndinakatchera, bwana. Kanalira."

"Ndiye mukundiuza chiyani, mayi? Kanalira, inu muli momwemo, ndiye?"

A Nasingano anali atakonza mawu awo pa basi, koma sanawagwiritse ntchito. Zaka ziwiri za kubisa sizituluka ndi mpweya umodzi. Anatambasula dzanja n'kupereka kawotchiko kwa Wailesi.

"Mng'ono wanga, tchera nthawi iliyonse imene ukufuna. Usandiuze. Kakalira ine nditembenuka."

"Asisi, masewera anji amenewa?"

"Tangotchera."

Anafulatira. Kutsogolo kwawo, pa khoma la ofesi, panali chithunzi chachikulu cha m'felemu, selo limodzi lokha ndi masitepe ake atatu, obiriwira, owongoka, katsitsi kalikonse pa msinkhu wake. Anachijambula iwo chaka chawo choyamba, ndipo a Pulofesa ankachionetsa kwa mlendo aliyense. Anachiyang'ana n'kuyamba kudikira. Ankamva kugunda kwa mtima wawo, ndi kulira kwa pansipansi kwa firiji ya m'khonde, poti mawu onenepa anali asanawathawe. Kupatula apo kunali zii.

Anadikira. Mwina Wailesi watchera mphindi zisanu, anaganiza, amakonda kukokomeza zinthu. Kenaka diso linagwa pa galasi la felemu, mmene ofesi yonse inkaonekera mwa chizimezime. A Pulofesa anali ataimirira. Wailesi anagwira kawotchi patali ndi thupi lake ngati kakumuwotcha, kanyali kofiira kakuphethira, dzanja lina litatseka pakamwa. Chiyambire kumudziwa, aka kanali koyamba kumuona alibe mawu.

A Nasingano sanatembenuke. Anali atanena kuti atembenuka akamva, ndipo sanafune kunamanso, ngakhale bodza laling'ono limenelo.

"Kalira kale?" anafunsa, maso ali pa masitepe.

Ngati alipo amene anayankha, yankholo silinafike. Patapita kanthawi dzanja la Wailesi linawagwira paphewa, n'kukhala pomwepo.